Madzi anali pansi pa munda wa achemwali

Lachiwiri lapitali ndinavala tayi pa dzuwa la ku Salima. Sekani, inenso ndikudziseka.

Anandiitana ndi achemwali anga, a Nachisale, amene amalima mpunga kumbali ya Chinguluwe. Anati mlangizi wa zaulimi walengeza kuti kukubwera alendo akunja pa nkhani za kusintha kwa nyengo, ndiye pakufunika munthu wa Chingerezi chosaphonya woti akamasulire. Pabanja pathu munthuyo ndine, ngakhale ena amakayika.

Achemwaliwo mtima sunali m'malo. Munda wawo uli kumathero a ngalande, ndipo chaka chino mtsinje waphwa msanga. Madzi amawapeza kamodzi pa sabata. Anali atauza kale komiti yogawa minda kuti Lachisanu aubweza mundawo, munda umene waphunzitsa ana atatu chimwalirireni alamu anga. Chiyembekezo chawo chinali choti mwina alendowa asiya pampu.

Mukudziwa mmene timachitira Amalawi tikamva mawu oti akunja. Tinasesa, tinabwereka mipando kutchalitchi, tinalemba zopempha mapepala awiri.

Itaima minibasi, munatsika alimi asanu ndi mmodzi, zidendene zong'aluka ngati zathu zomwe. Ena anali a ku Tanzania, ena a ku Mozambique, tsidya lina la nyanja yomweyi. Ndinakonza pakhosi kuti ndiyambe Chingerezi changa, koma mayi wina wamfupi, mayi Rozina, anandipatsa moni m'Chinyanja chomveka bwino, n'kufunsa kumene kuli minda. Ntchito yanga inathera pomwepo.

Anthu anakhumudwa, tisaname. Wapampando wa komiti anapinda mapepala a zopempha n'kuwaika m'thumba mwakachetechete.

Kumunda, achemwali anaonetsa alendo nthaka yawo youma pamwamba, n'kufotokoza kuti padutsa masiku anayi opanda dontho. Kwathu kuno timakhulupirira kuti mpunga uyenera kuima m'madzi tsiku ndi tsiku. Ukangoona dothi, timayamba kulira maliro.

Mayi Rozina sanatsutse. Anamasula chikwama n'kutulutsa chidutswa cha paipi chotalika ngati mkono wa mwana, chobooledwa timabowo ndi msomali wamoto. Anachikhomera pakati pa mpunga, n'kuchotsa matope a m'katimo ndi dzanja. Tinadikira pang'ono. Kenako anakodola achemwali.

"Amayi, tasuzumirani. Mpunga wanu sunafe ludzu. Ukumwa pansi."

M'paipimo munali madzi, akunyezimira chapafupi pomwepo.

Anafotokoza kuti kwawo amathirira pokhapokha madzi a m'paipi akatsika kupitirira chikhatho kuchokera pamwamba pa nthaka, kupatula nthawi imene mpunga ukuchita maluwa. Iwonso anaphunzira kwa anthu ena chilala chitawakhaulitsa. Mlangizi anawonjezera kuti munda woumako nthawi zina sutulutsa kwambiri mpweya uja wotenthetsa dziko.

Achemwali anagwada m'matope, anasuzumira kawiri, n'kuimba nthungululu imene sindinaimve chichitikireni ukwati wa mwana wawo woyamba. Ine ndinakondwa mpaka misozi. Akuluakulu sananame kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Tsono funso langa ndi ili. Kodi anatiuza ndani kuti mgwirizano wa mayiko ndi galimoto zoyera ndi misonkhano ya m'mahotela basi? Mwera umene umagubuduza mabwato kuno ndi womwewo umawasautsa kutsidya. Mvula ikachedwa kwawo, kwathunso mbewu zimapserera. Anthu amene akuvutika ngati ife ndi amene ayesa kale njira zotulukira, koma sitiwafunsa chifukwa alibe chotigawira m'manja.

Sindikunyoza misonkhano ayi. Minibasi ija sinadzilipirire yokha, ndipo alipo amene anakhala pansi n'kugwirizana kuti alimi a mayiko atatu azichezerana. Anachita bwino. Alendowo nawonso sanabwerere chimanjamanja. Bambo wina wa ku Tanzania anathera ola lathunthu pa mbaula yadothi ya achemwali, akufunsa mmene imaphikira nyemba ndi tinkhuni titatu.

Lachisanu ndinawaimbira foni achemwali, mtima uli m'mwamba. Achemwali sanapite kukomiti. Anali atangobwera kuchokera ku Khombedza kokagula paipi yaitali, ndipo ankaiduladula n'kumaboola. Ndinawafunsa kuti zidutswa zonsezo ndi za chiyani, popeza munda wawo ndi umodzi.

"Ndikukagawira a kumutu kwa ngalande, achimwene. Ulere. Iwowo akamathirira mwanzeru, madzi azifika kwanga."

Mayi amene analekezera sukulu mu Sitandade 5 wazindikira kuti munda wake upulumuka ndi khalidwe la amene ali kumtunda, ndipo wayamba yekha kuwayendera khomo ndi khomo. Nanga inu a mayiko a mafakitale akuluakulu, amene mwakhala kumutu kwa ngalande ya dziko lonse, a kumathero akakugogoderani mudzatsegula?