Shati Yokhayo Imene a Mzere Anapsereza

Alamu anga, amuna a achemwali, anthu amawatcha a Mzere. Dzinali linabwera chifukwa cha mzere umene amaika pa thalauza akamasita: woongoka, wakuthwa, woti mwini wake akhoza kukhala pa benchi tsiku lonse koma wosafufutika. Asita zovala za anthu kwa zaka makumi atatu m'kachipinda kamodzi komweko, koyandikana ndi shedi ya wokonza njinga. Muli tebulo lalitali loyalidwa bulangete ndi nsalu yoyera pamwamba, botolo la madzi lobooledwa pachitsekerero, waya wopachikapo mahang'ala, ndi simbi ziwiri: yamagetsi, ndi yamakala imene amaitulutsa magetsi akazima.

Ndi munthu wosayankhulayankhula. Nthabwala sazidziwa, kuvina ndiye musanene; pa ukwati wa mwana wawo anangoima ngati mzati. Koma panali mawu amodzi amene sankatopa nawo, ndipo kasitomala aliyense watsopano ankawamva: "Chiyambireni sindinapserezepo chovala cha munthu." Ine, pokhala mlamu, ndinkawaseka.

"Alamu, anzanu amanyadira nyumba, ena galimoto. Inu mukunyadira chinthu choti simunachite?"

Iwo ankanyowetsa chala, kugunda pansi pa simbi, n'kumvetsera kulira kwake kaye asanandiyankhe.

"Mlamu, enafe nyumba tilibe. Tili ndi dzina basi."

Chaka chatha, kutsidya kwa msewu kunatsegulidwa malo ochapira zovala a makina. Magalasi mbee, makina asanu ozungulira, antchito a yunifolomu, ndipo tsiku lililonse ankaponya kavidiyo pa masamba a mchezo. Pasanathe miyezi isanu mahang'ala a alamu anali akungogundana okhaokha pa waya. Wokhulupirika anatsala mmodzi, aphunzitsi aakulu a pasukulu ya kumtunda, amene kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ankabweretsa mashati asanu oyera Loweruka lililonse, kuwasiya patebulo, osawawerenga n'komwe, n'kumapita. Masiku enawo ndinkapeza alamu akusita kampango kawo komwe, kukabwereza kangapo, kuti odutsa aone nthunzi ikutuluka pakhomo. Zinkandiwawa kumtima, ndipo kuseka ndinasiya.

Mwana wawo wamkulu, amene amakhala kutali, anali atanena kale maganizo ake: atseke malowo, iwo ndi achemwali akakhale m'chipinda cha kuseri kwa nyumba yake, azikalera zidzukulu. Alamu atamva anangoti, "Ndikakhale pakhonde ndizikayang'ana nkhuku? Bola mundikwirire." Achemwali anandiuza zimenezi akulira.

Apa ndi pamene ine ndinalowerera, ndipo ndikanadziwa ndikanatseka pakamwa panga. Ndimaluka tsitsi pa saluni, ndipo kanema wa pakhoma sazima kuyambira potsegula mpaka potseka. Masewero aja osatha, a mabanja olemera odana, ndawaonera onse, kotero ndinkadziona ngati katswiri. Ndinatenga foni yanga n'kukawajambula alamu. Anaima pambali pa tebulo, manja m'mbali, n'kunena kuti, "Bwerani kuno, timasita bwino." Vidiyoyo inaonedwa kakhumi ndi kamodzi, ndipo kanayi ndinali ine ndemwe.

"Alamu, vuto ndi lakuti mulibe nkhani," ndinawauza mawa lake. "Kusaluni kwathu, sewero likamayenda bwino amayi amangocheza zawo. Koma mkazi akangopeza kalata m'thumba la mwamuna wake, nyimbo n'kuyamba, aliyense amati zii, ngakhale chipeso chimaima m'mutu. Ndiye pomwepo amalidula. Mawa lake onse amalawirira kudzaona mathero. Anthu safuna kuona zinthu zili bwino, alamu. Amafuna tsoka."

"Ndiye tsoka langali silikukwana?"

"Lanulo silioneka pa foni."

Ndinawafotokozera sewero langa. Mkwati abweretsa shati m'mawa wa tsiku la ukwati wake. A Mzere aiwala simbi pamsana pa shatiyo, ipsa, mkwati akuwa, ife tidula. Gawo lachiwiri, tsiku lotsatira, a Mzere atsegula katani n'kutulutsa shati yeniyeni ya mkwati, yabwinobwino, yowala. Kenako ayang'ana mu foni n'kunena kuti yopsayo ndi yawo, ndipo pa zaka makumi atatu ndi chovala chokhacho chimene anapserezapo.

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Ndipsereze chovala dala? Mlamu, mutu wanu ukuyenda bwino?"

Anakana sabata yathunthu. Koma sabata yotsatira Lolemba sikunabwere munthu, Lachiwiri chimodzimodzi, Lachitatu kunabwera mayi wina kudzafunsa njira. Lachinayi masana ndinangoona alamu ataima pakhomo pa saluni, malo amene anali asanapondepo, chipewa chili m'manja.

"Mlamu, bweretsani foni ija."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine m'malo momva chisoni ndinasangalala.

Shati yoyera yoti n'kuoneka ya mkwati inalipo imodzi yokha, m'sutikesi pansi pa bedi. Achemwali ataona akuitulutsa anagwira m'chiuno.

"Bambo, shati imeneyo munavala pondikwatira ine."

"Ndiye ndipsereze ya mwini?"

Achemwali anangolowa kuchipinda n'kutseka chitseko.

Mkwati anali wokonza njinga, bambo wa mawu aakulu amene anavomera ndisanamalize n'kupempha komwe. Kujambulako kunavuta pamalo amodzi: dzanja la alamu linkakana. Akaika simbi pashati, pasanathe kamphindi dzanja lainyamula lokha. Katatu konse. Kachinayi ndinakuwa kuti, "Isiyeni, alamu!" Iwo anapinda manja onse kumbuyo, lina kugwira linzake, n'kuyang'ana kudenga. Fungo la nsalu yopsa linadzaza m'chipindamo. Atanyamula simbi, pamsana pa shati panali chidindo chake chonse, chofiirira, mpaka timabowo ta nthunzi.

Wokonza njinga anachita mopitirira. Anawagwira pakolala, kuwagwedeza, akukuwa kuti, "Mdala iwe wandiphera ukwati! Ndikavala chiyani?" Alamu ankangoyang'ana shati ija, ndipo misozi imene inalengeza m'maso mwawo sinali ya sewero. Ine ndinayandikitsa foni pankhope pawo, monga amachitira pa kanema, n'kudula pomwepo. Chikwangwani cha pakhomo chinkaoneka bwinobwino kumbuyo kwawo, chifukwa ndinaonetsetsa kuti chioneke.

Vidiyoyo ndinaiponya madzulo a tsiku lomwelo. Pofika m'mawa inali itazungulira tauni yonse. Anthu ankatumizirana m'magulu a kumpingo, a kuntchito, a makolo a kusukulu. Makasitomala anga ankandionetsa ine mwini wake, osadziwa kuti ndinajambula ndine. Ndinavina m'saluni, chipeso m'manja. Sindinaone kuti mawu oti "gawo loyamba" amene ndinalemba kumapeto, wina anali atawadula kale potumiza.

Gawo lachiwiri ndinaliponya tsiku lotsatira, monga tinapangana. Alamu anayankhula bwino kuposa mmene ndinkaganizira, mawu osanjenjemera, shati ziwiri m'manja, yopsa ija ndi ina yobwereka. Ndinadikira. Pofika madzulo anali ataonera anthu makumi anayi. Mawa lake, makumi anayi omwewo. Pa kanema wa pakhoma anthu amabwerera chifukwa sewero limawapeza pamalo omwewo, nthawi yomweyo. Pa foni anali atapita kale kukaseka mbuzi ina imene inalowa m'basi. Zimenezi ine katswiri sindinaziganize.

Pansi pa gawo loyamba ndemanga zinali mbwee. "Mdala uyu akapume." "Maso atha awa." "Ine anandiwotcherapo siketi," analemba wina amene sanapondepo pakhomo pawo. Ndinayankha mmodzimmodzi kuti linali sewero, mpaka zala zinawawa, koma palibe anabwerera kudzawerenga. Pasanathe masiku atatu oyendetsa njinga zamoto anali akukuwa podutsa, "A Chipsereza, zikuyenda?" Akutsidya sanafunike kunena kanthu.

Loweruka ndinapita kwa alamu m'mawa, mtima uli m'mwamba. Aphunzitsi aakulu anabwera nthawi yawo, ndi mashati asanu. Ndinapuma. Koma sanawasiye patebulo n'kumapita. Anakoka kampando.

"Lero ndili ndi kanthawi, a Mzere. Ndidikira."

Alamu anasita mashati asanuwo munthu akuwayang'ana dzanja. Kolala, mapewa, manja, kenako thupi, monga mwa masiku onse. Atamaliza, aphunzitsi ananyamula shati iliyonse, kuitembenuza, kuiunika pawindo.

"Aphunzitsi," anatero alamu motsitsa mawu, "kanema uja anali sewero. Pali gawo lachiwiri. Mlamu wangayu akhoza kukuonetsani."

"Ayi, ndamva, ndamva, musavutike," anatero aphunzitsi akuyang'ana wotchi. "Tonse tikukula, a Mzere. Si chinthu chochititsa manyazi."

Loweruka lotsatira aphunzitsiwo ndinawaona ndi maso angawa akuwoloka msewu, chikwama chawo m'manja, nkhope atatembenuzira kwina.

Achemwali sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anangoti, "Nkhuyu zodya mwana zapota wamkulu," n'kupitiriza kutsuka mbale. Ndinapita kwa alamu kukapepesa. Iwo anandidula.

"Gawo loyamba aonera angati?"

"Zikwi makumi atatu, alamu. Mwina kuposa."

"Lachiwiri?"

"Makumi anayi."

Anayamba kupukuta simbi yozizira ndi kansalu.

"Foni yanu yakale ija ilipo? Mundiikiremo lachiwirilo."

Kuyambira tsiku limenelo amatsegula m'mawa, kudikira mpaka dzuwa lifike pamutu, kenako n'kutseka. Amavala thalauza yawo ya mzere, kutenga foni ija ndi shati yopsa pa hang'ala, n'kuyamba kuyenda. Pa siteji ya basi, pakhomo pa banki, pamzere wa kuchipatala. Munthu amene zaka zonsezi sankayamba kupereka moni kwa mlendo, lero amaimitsa anthu: "Pepani, muli ndi mphindi imodzi? Pali gawo lachiwiri." Ena amaonera. Ena amaseka n'kuwajambulanso. Ena amapisa m'thumba, kuganiza kuti akupempha. Akafika kunyumba amauza achemwali kuti lero aonetsa anthu khumi ndi awiri, lero asanu ndi atatu. Mwana wawo wanena kuti mwezi ukatha akubwera ndi galimoto kudzawatenga, afune asafune.

Dzulo, poweruka, ndinawapeza pa siteji. Anali atawerama pafupi ndi mayi wina wa dengu pamiyendo, akutchinga foni ndi chipewa kuti dzuwa lisawalire pagalasi. Mayiyo anaonera mpaka kumapeto, akumwetulira. Alamu anatambasula shati ija kuti aone kuti ndi yomweyo.

"Zabwino zedi, bambo," anatero mayiyo. "Koma mwati ili ndi gawo lachiwiri? Nanga loyamba lili kuti? Ine sindinalione."

"Musalione, mayi. Palibe chifukwa."

"Iii, ndiye mwandipatsa chidwi! Ndikalifufuza ndikafika kunyumba, ndikaonetsenso anzanga."

Basi inafika, mayiyo n'kukwera, akugwedeza dzanja pawindo. Alamu anatsala chiimire, shati ikulendewera kudzanja lina, foni kudzanja linalo. Atandiona sanadabwe. Anayang'ana anthu onse amene anali pa sitejipo, odikira, otsika, ogulitsa, kenako anandiyang'ana ine.

"Mlamu," anatero, "ndiye ndiziwadziwa bwanji amene anaonera loyamba lija?"