Mboni ya Dimba la Amayi Ili ku Daveyton

Ndinanyamuka ku KwaThema, kuno ku Joni, cha m'ma 7 koloko m'mawa, mwana wanga Tadala ali kumbuyo, mtima uli m'mwamba. Achimwene anga a Yohane anali ataimba kawiri kuchokera kwathu ku Ntcheu, kumalire. Boma linaika zipilala zatsopano, ndipo dimba la amayi linagwera mbali ya Mozambique. Banja la a Fulansisiko la kutsidyako linali litayamba kale kulimamo. Mlandu unali wa Loweruka.

"Pita kwa a Jere ku Daveyton," anatero achimwene. "Atsala okhawo mwa amene anaona dimbalo likuperekedwa. Ukawajambule mawu pafoni."

Pamsewu matekisi ankangondidutsa. Kuno zala ndi zimene zimanena kumene ukupita, ndipo ine ndimachita manyazi kukweza dzanja. Mayi wina wogulitsa magwinya, mandasi a kuno, anandifunsa m'Chizulu ngati ndabwera kudzawerenga magalimoto. Anagwira dzanja langa n'kulikweza yekha. Tekisi inaima pomwepo.

Ku Springs ndinakwera ina, ya marandi makumi awiri. Inachedwa kudzaza. Tadala analira, ndinamuyamwitsa, analiranso. Tikudutsa milu yachikasu ya mchenga wa m'migodi, bambo amene ndinakhala naye anandimva ndikutonthoza mwana.

"Malawi kapena Mozambique?"

"Malawi," ndinayankha chapansipansi. Ndikanamuuza bwanji kuti kwathu tomato timagula ku Malawi, mchere ku Mozambique, pongodumpha msewu?

Ndinafika dzuwa lili paliwombo. A Jere anabwera kumigodi ali mnyamata, ndipo kumudzi anakusiya kalekale. Ndinawapeza pakhonde, akutsokomola. Ndinagwada poteropo.

"Dzuka, mwana wa Nangozo, simentiyi ikutha maondo. Kapena wabwera kudzandifunsira?"

Ndinabisa nkhope m'chitenje. Akazi awo, Msuthu wa nthabwala, anabweretsa tiyi ndi buledi. Nditafotokoza, ndinaika foni patebulo.

"Dimbalo limayambira pamkuyu waukulu," anayamba.

"Mkuyuwo anaotchera njerwa, agogo."

"Chabwino, pamtsinje."

"Mtsinje unapatuka chaka cha madzi osefukira."

Anandiyang'ana ngati ndaupatutsa ndine. Anafunsa za anzawo akale, a Maseko. Ndinati ana awo ali ku Lilongwe ndi kuno ku Joni. Anafunsa za khola la ng'ombe la Angoni a kumtunda. Ndinati pali mashopu a Ayao, ndipo Alomwe anagula minda kumunsi kwake. Amene anathawa nkhondo ya ku Mozambique ena anabwerera, ena anakwatira kwathu konko. Nyumba zinafika mpaka kumanda.

"Ndiye akukanganira dimbalo ndani?"

"A Fulansisiko."

A Jere anaika kapu pansi. "Mwana wa Bonifasiyo? Mwanawe, dimbalo ndi la Bonifasiyo. Agogo ako anachita kubwereka kwa iye chaka cha njala, ine ndilipo, tinadya nkhuku. Nkhondo itabwera, banja lake lonse linagona m'khitchini mwa agogo akowo zaka zingapo. N'chifukwa chake sanalifunsenso. Chinali chibale chimenecho. Malire anatipeza tikulima."

"Agogo, amayi amadya za m'dimbamo."

"Ndikudziwa. Koma ndiname nditatsala pang'ono kukaonana nawo onsewo?"

Pobwerera tekisi inathamanga, koma kwa ine njira inatalika. Foni inalira katatu, achimwene. Sindinayankhe. Ndinaganiza zofufuta mawu ndinajambulawo, ndikanene kuti ndawapeza a Jere akudwala. Chala chinkapita, n'kubwerera. Ndinapita kukatenga mboni yathu, ndipo ndinali kubwerera ndi mboni ya eni dimba.

Pokwerera matekisi ku Springs ndinakhala pabenchi, Tadala atagona. Ndinamvetseranso mawuwo mpaka pa za khitchini paja. Ine sindinkazidziwa. Mwina a Fulansisiko nawonso sakuzidziwa, anali khanda nthawi imeneyo.

Ndinatumiza zonse, osadula. Kenako ndinajambula mawu anga: "Achimwene, musadikire Loweruka. Gwirani nkhuku, mutenge amayi, muwoloke msewu, mupite kwa a Fulansisiko. Akamvere limodzi mawu a Jerewa."