Achimwene Anabwerera Pansi pa Galimoto

Uthenga unandipeza Lachitatu m'mawa ndikuyanika zovala. Mlamu wanga anangoti pafoni, "Achimwene anu atisiya. Njinga yamoto yawagunda akupita kuntchito." Mpaka pano mutu sukugwira, koma ndinene zomwe ndikudziwa.

Achimwene anali makanika. Ukawafuna unkangoona miyendo itatulukira pansi pa galimoto. Kenako anadwala matenda a maganizo, tulo osabwera, kumangomva mawu a anthu oti palibe. Kuchipatala anawapatsa mankhwala, mawu aja n'kuleka, tonse mitima pansi.

Koma mankhwalawo anabwera ndi njala yake. Munthu woonda ngati sipoko ananenepa mpaka ovolosi osatseka. Mumsewu anthu ankati, "Eee bwana, zikuyendatu!" Kugalaja anawatcha Thanki. Tsiku lina anakanirira pansi pa kagalimoto kakang'ono ka mwini galaja, anzawo kuchita kukweza jeke uku akufa n'kuseka. Mwini galaja anawapatsa mpando kuti azingopatsira masipanala, nati zikapitirira afuna wina.

Achimwene anabwera kwanga nkhope ili gwa. "Chemwali, mankhwala awa ndikusiya."

"Musiye kuti mawu aja abwerenso?"

"Bola mawu. Mawu sanandilandepo ntchito."

"Bodza ilo, achimwene. Anakukhazikani pakhomo ndani nthawi ija?"

Ndinawakokera kwa adokotala. Iwo anati asasiye, awalembera ena ochepetsa thupi oti azimwa limodzi. Ine kudabwa. Chibadwire ndimamva anthu akufuna kunenepa, lero kuli mankhwala oondetsa? Ndinafunsa, "Adokotala, awa akukankha, awa akukoka, sakamenyana m'mimbamo?" Anaseka, nati n'chifukwa chake akufuna aziwaona pafupipafupi.

Masiku oyamba achimwene ankachita nseru. Sikelo yakuchipatala sankaikhulupirira, ati imanama. Sikelo yawo inali kagalimoto kaja. Loweruka likafika ankayala katoni, kugona chagada, n'kuyesa kulowa popanda jeke. Poyamba unkalowa mutu wokha. Kenako mpaka pachifuwa. Anthu omwe aja ankati zikuyenda anayamba kunong'ona, "Kodi akudwala chiyani?" Iwo ankangoyankha, "Kafunseni galimoto."

Tsiku lomwe analowa thupi lonse anandiimbira ali pansi pomwepo. "Chemwali, taganiza ndili kuti!" Kumbuyo ndinkamva anzawo akumenya masipanala, wina akukuwa kuti Thanki yaphwa. Mpando anaubweza. Mankhwala a maganizo sanawasiye mpaka tsiku lawo lomaliza.

Chilipo chomwe sindinawafunse. Pansi pa galimoto pali chiyani choti munthu n'kupakonda chonchi? Mdima, fumbi, oilo kukudonthera m'maso. Ndinkangoti ndidzafunsa tikadzakhala bwino.

Asiya mlamu ndi ana awiri, wamng'onoyo akumafunsabe kuti adadi aweruka liti. Abale, mukamagwada, banja lathuli muzilitchulako.