Chilimwe cha Mpondamwala

Wailesi ya aphunzitsi idali yobulungira ngati poto wophikira ndiwo, yabuluu, ndipo inkakhala pamwamba pa batire lalikulu loti mwana sakadanyamula yekha. M'mudzi mwathu monse, cha kuseri kwa Nsaru uko, wailesi idali yomweyo basi. Lachisanu tikaweruka ankaitulutsira pakhonde, n'kuipukuta ndi kansalu, ife titakhala m'fumbi miyendo ili mbuu. Mpaka lero ndikamva fungo la fodya wa m'chigafa losakanikira ndi choko, ndimaona khonde lija.

M'wailesimo mudali sewero la kazitape wina dzina lake Mpondamwala. Mfumu yake inkamutuma kumudzi wa adani kuti akamve zimene akupangana. Lero alowe ngati wogulitsa usipa, mawa ngati nkhalamba yakhungu, mkuja ngati wamisala wotola zinyalala pamsika. Dzinalo adamupatsa chifukwa ankaponda pamiyala pokhapokha kuti asasiye mapazi. Ife tidapenga naye munthu ameneyu! Tsoka lake kwathu kulibe miyala, ndi dothi lakatondo lokhalokha, ndiye tinkadumpha pazitsa ndi pamapesi, kugwa, kunyuka mawondo, koma osasiya. Anyamata adayesa kunena kuti mtsikana sangakhale Mpondamwala. Mmodzi ndidamugwetsa m'phulusa kuseri kwa sukulu, nkhaniyo idathera pomwepo.

Tinkati tikufanana naye, ndipo sitinkanama kwenikweni. Nsapato tidalibe, choncho tinkayenda mwakachetechete. Komanso munthu wamkulu sawerengera mwana. Amayankhula zake zonse iwe uli pompo ukusenda mtedza, ngati ndiwe mtondo. Tinkadziwa amene amatcheza kachasu kudambo, amene sadazule mapesi a fodya alangizi atalamula, ngakhalenso amene amabisa masamba oola pakati pa abwino popita kumsika. Chotilepheretsa chidali chimodzi: pakamwa. Tikamva kanthu m'mawa, pofika masana mudzi wonse wadziwa. Amayi ankangopukusa mutu n'kumati, "Kazitape wanji wodontha ngati lichero lakale?"

Mphepo ya mwera itayamba, batire lidatha sewero lili pakati. Kalanga ife! Aphunzitsi adati latsopano liyenera kuchokera ku Lilongwe, ndipo si lero kapena mawa. Ataona nkhope zathu, adati tisadandaule, iwo azikamvera kusitolo ya Mmwenye pa Nsaru n'kumadzatifotokozera. Ndipo ankaterodi, Lachisanu lililonse, atakhala pampando wawo wandalema, akusintha mawu ngati muli anthu ambiri m'khosi mwawo. Ndakula tsopano, ndikudziwa kuti ankangopeka. Ndi Mmwenye uti akadatsegulira mphunzitsi wakumudzi sewero la Chinyanja? Koma nthawi imeneyo ndani akadatiuza? Mpondamwala wa aphunzitsi adayamba kudya mbatata yootcha ndi kubaidwa minga ya nseru ngati ife tomwe, ndipo tidamukonda kuposa woyamba uja.

Tsopano ndinene za amalume, chifukwa nkhani yonse ndi yawo. Adali chitsiriziro m'mimba mwa agogo, mlongo wawo wa amayi, mnyamata wamkulu ndithu, ndevu zitayamba kumera, koma ali Sitandade 3. Masiku amenewo sizinkadabwitsa. Mutu wawo udali wakuthwa, moti aphunzitsi adawapatsa ntchito yosungunula inki yaufa n'kumathira m'timabotolo ta kalasi yaikulu. Chala chawo chachikulu ndi chamkombaphala zinkakhala zakuda bii, ngakhale atazikwecha ndi mchenga. Kumapeto kwa chaka ankayembekeza kulemba mayeso opitira kusukulu yogonera kumishoni. Pamtundu pathu padalibe ndi mmodzi yemwe adafikako, ndipo amayi ankalimira m'bale wawoyo ndime yake kuti iye asajombe.

Sukulu yathu idali ya mpingo, ndipo lamulo lake pa za gule lidali losapita m'mbali. Mwana wokaonerera kubwalo, chikwapu. Mwana wopezeka kuti adavina, achoke tsiku lomwelo, osadzabweranso. Chonsecho agogo aamuna, bambo wawo wa amayi ndi amalume, adali munthu wamkulu kudambwe, ndipo adali atamwalira dzinja lapitalo. Chilimwe chimenecho kudali mpalo wawo, mwambo womaliza maliro, wa mowa ndi gule. Akuluakulu adanena kuti munthu ngati uja saperekezedwa ndi ana a eni okha, mwana wake ali pompo. Tsiku lina ndidamva amayi akuuza amalume chapansipansi kuti, "Mapanga awiri avumbwitsa." Amalume ankangosema mpini.

Izi ndikuzinena lero poti eni ake onse adapita, komabe lilime likulemera.

Tsiku la mpalo palibe mwana wa m'banjamo akadakhala kunyumba, chikwapu kapena ayi. Dzuwa lidali litapendeka, ng'oma zikugunda mpaka m'mimba, fumbi lofiira likulowa m'mano. Ine ndidali pakati pa azimayi, m'mbali mwa amayi, tikuomba m'manja. Kudatulukira chirombo cha nthenga kumutu, thupi lonse lili mbee ndi phulusa, chikupalasa fumbi ngati chifuna kukumba bwalo lonse. Chidavina, abale inu, mpaka nkhalamba zidalulutira. Kenaka chidathamangira kumene kudali ife, n'kutambasula dzanja pafupi ndi nkhope yanga. Thukuta lidali litatsuka phulusa m'zala. Chala chachikulu ndi chinzake zidali zakuda ndi inki.

Mtima udagunda, osati ndi mantha ayi, koma ndi kunyada. Ndatulukira! Zimene Mpondamwala amachita m'nkhani, ine ndachita poyera, pamaso pa anthu onse. Ndidakoka nsalu ya amayi n'kuyamba kuti, "Amayi, taonani chala..." Sindidamalize. Adanditsina pantchafu, kutsina kopotokola kuja, nyimbo ili pakamwa osaisiya. Kenaka adawerama n'kundiuza m'khutu, "Chirombo chilibe m'bale. Imba."

Ndidaimba misozi ili m'maso. Ndikuyang'ana azimayi aja mmodzimmodzi, onse maso ali pachirombo chomwecho, onse akuimba, ndipo chikawathamangitsa akuthawa n'kumakuwa zenizeni. Pamenepo sindidamvetse, koma taganizani inu. Mzimayi amene adasambitsa mwana kuyambira ali wakhanda, angalephere kuzindikira msana wake chifukwa cha phulusa? Ankadziwa onse, chaka ndi chaka, ndipo ankakalamba n'kufa osatchula dzina ngakhale kwa amuna awo. Ife tinkafuna ukazitape m'wailesi, pamene eni ake a luso tinkagona nawo nyumba imodzi.

Sipadapite nthawi, mphekesera idafika kumishoni yoti pampalo paja padavina mwana wasukulu. Amene adakanena sitidamudziwe. Aphunzitsi adalengeza pamzere kuti kubwera abambo oyendera masukulu kudzafufuza. Kunyumba kudazizira. Amalume adasiya kudya bwino, usana onse ali kuseri kwa nkhokwe ndi buku lomwe sankalitembenuza. Amayi ankasinja chimanga ngati chawalakwira.

Lachisanu limenelo Mpondamwala adagwidwa. Tidakuwa tonse kuti sizingatheke, koma aphunzitsi adati ndi mmene amvera pa Nsaru. Adani adamukhazika pansi kuti atchule anzake. Adamulonjeza ng'ombe, iye duu. Adamuopseza ndi moto, iye duu. Wina mwa ife adafunsa chifukwa chimene sakungowanamiza. Aphunzitsi adaimika chala. "Mpondamwala sanama," adatero. "Amanena chimene munthu aliyense adaona ndi maso, akatero watseka pakamwa." Adatiuzanso kuti pofunsidwa sankayang'ana wofunsayo m'maso, chifukwa maso amakoka mawu, koma ankayang'ana khutu. Lachisanu lotsatira adali akufunsidwabe, mpaka tidadandaula kuti nkhani yaima. Komabe tinkasewera zomwezo kudambo, kumangana ndi luzi, kufunsana, kuyang'anana makutu.

Oyendera masukulu adafika panjinga m'mawa wina kukuzizira, buluku atalimanga m'miyendo ndi tizitsulo. Sadali munthu wankhanza, ndisawanamizire. Adali bambo wotopa, wa mawu ofatsa, wogwira ntchito imene adamutuma. Adakhala pansi pa mtengo wa mango, ife tonse tili pamzere, n'kufunsa aphunzitsi ngati pali mwana wa m'banja la malemuwo. Ndinkayembekeza kuti aphunzitsi azungulirazungulira. Koto! Adandiloza ine, osaphethira n'komwe. "Funsani uyu. Ndi mdzukulu wawo, adali kubwalo, ndipo mwana ameneyu sanama."

Ndidamva ngati andithira madzi ozizira. Munthu amene tinkakhala pakhonde pake, wandipereka chonchi? Ndikupita kutsogolo ndidaona amalume kumapeto kwa mzere wa anyamata akuluakulu, manja atawabisa m'khwapa ngati akumva mphepo. Ndidagwada. Abambo aja adatulutsa pensulo yatsopano yachikasu, ya labala kumapeto, n'kuiika pabondo pawo. Ine chibadwire ndinkalembera pasileti yosweka.

"Kodi mwanawe, kubwalo udapita?"

"Ndidapita, bambo."

"Udaonako chiyani?"

"Ndidaona zirombo."

"Nanga cha nthenga chija, amene amati chidavina kwambiri, adali yani?"

"Chidali chirombo, bambo."

Khutu lawo lidali ndi tiubweya totuwa, ndipo ndidatiyang'ana mpaka kutiloweza. Adafunsa mokhotetsa, adafunsa mowongoka. Adati mwina ndidaona chipsera, kapena kayendedwe kodziwika, eti? Ndidati ndidaona nthenga ndi phulusa. Adandikumbutsa kuti Mulungu amaona zonse. Mumtima ndidati, ngati adaona ndiye safunikanso kumva kwa ine, koma pakamwa ndidangoti, "Inde, bambo." Dzina lija lidali pansonga ya lilime ngati phale lotentha. Sindidalilavule.

Atatopa nane adaitana anzanga amene adavomera kuti adali kubwalo. Apa ndiye pamene ndimanyadira mpaka lero, ndipo ndidzafa ndikunyadira. Ana aja, malichero odontha aja, ngakhale mnyamata amene ndidamugwetsa m'phulusa, yemwe sankatha kusunga ngakhale za chisa cha mbalame, aliyense adagwada, kuyang'ana khutu, n'kunena kuti adaona chirombo. Sitidapangane. Ena mwa iwo adali ataona chala chija ngati ine ndemwe, adandiuza titakula. Dzuwa litafika pamutu, abambo aja adabweza pensulo yawo m'thumba, n'kunena kuti mphekesera si umboni. Koma oonerera onse, adatero, alandire chikwapu monga mwa lamulo, iwo ali pompo.

Aphunzitsi adathyola nthambi ya bulugama n'kuyambira ine. Chidawawa, ndisaname, mizere idatuluka m'miyendo. Sindidalire, ndidangowayang'ana khutu nawonso, mwamwano. Madzulo amayi adandipaka mafuta a nsatsi osafunsa kanthu, ndipo atamaliza adangoti, "Wakula." Mawu amenewo adandikwanira kuposa pensulo.

Amalume adalemba mayeso awo n'kukhoza. Mvula yoyamba itagwa ndi kuphuka kwa chimanga, adasenza kabokosi kawo kupita kumishoni, amayi akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Za tsiku lija sitidakambiranepo, ine ndi iwo, mpaka adatsikira kulichete ali nkhalamba. Ndi mmene ziyenera kukhalira.

Koma aphunzitsi ndidawasungira mkwiyo chilimwe chonsecho. Ndikakumana nawo panjira ndinkagwada monga mwa ulemu, koma moni wake wa m'mano. Kwa ine adali wogulitsa anzake, munthu amene adandiponya m'kamwa mwa fisi kenaka n'kundikwapula. Ndidaona ndithu kuti tsiku lija malaya awo adanyowa ndi thukuta kukuzizira, koma ndidati ndi ukali. Mwana akadadziwa bwanji kuti ndikadangotsegula pakamwa, si amalume okha akadachoka, komanso iwo amene, chifukwa chosunga wagule m'kalasi? Sindikadatha kumvetsa kuti bambo wamkulu, wa ana ake ndi ntchito yake, adayang'ana mudzi wonse kufuna pakamwa poti angapadalire, n'kusankha panga.