Madontho a pa Chitseko

Achimwene anga ndi wolemba zikwangwani, ndipo anthu anangowatcha a Mzere. Dzanja lawo silinjenjemera. Penti ikadontha pang'ono chabe pansi pa chilembo, amafufuta chikwangwani chonse n'kuyambiranso, kasitomala ali chiimire. Ndi munthu wabwino ndithu, koma liuma lake, mayo ine!

Ndiye Mulungu anawapatsa mwana wamkazi wojambula ndi madontho okhaokha. Mtsikanayu burashi sagwira. Amatola zitseko zakale, kuzigoneka pansi, kuthirapo penti ndi kapu, kuwaza mchenga, kenako n'kuimika chitsekocho kuti penti iyenderere yokha. Makasitomala akafunsa zimene mwana amachita, achimwene ankangoti, "Akuphunzirabe," maso ali kumbali.

Chaka chatha mayi wina amene amasankha zojambula za chionetsero chachikulu anaona chitseko chimodzi pa foni n'kuchikonda. Anati abwera kudzachiona ndi maso, chikamusangalatsa achitenga. Kuchipinda kwa mtsikanayo n'kothina, choncho anachisungitsa kushopu kwa bambo ake, atachifunditsa nsalu.

Achimwene anavundukula nsalu ija. Anandiuza okha pambuyo pake kuti manyazi anawagwira. Mlendo wolemekezeka afike pashopu pawo, aone zoyenderera zoterezi, adzati mwana wa wolemba zikwangwani sanaphunzitsidwe? Anatenga kaburashi kawo. Dontho lililonse analidula bwinobwino, m'mbali monse anawongola, n'kuzunguliza mzere woyera ngati wa pabwalo la mpira. Anafunditsanso nsalu, mtima uli m'malo.

Tsiku la mlendoyo ine ndinalipo, ndinabwera kudzathandiza kusesa. Mtsikana atachotsa nsalu anangoti kakasi. Ine ndinasowa poyang'ana, ndinachita manyazi ngati burashiyo ndinagwira ndine.

Mayi uja anayang'ana chitseko, anayang'ananso foni yake. "Si chimene ndinaona ichi. Chachitika n'chiyani?"

Achimwene anali pomwepo, manja kumbuyo, penti yoyera idakali m'zikhadabo. Ndinawagunda ndi chigongono. "Achimwene, yankhulanitu," ndinanong'ona. Iwo duu, ngati sakumva. Munthu wamkulu ndevu pepeya!

"Ndachiwononga ndekha, mayi," anatero mtsikanayo. "Ndinachita mantha kuti n'chosalongosoka, ndiye ndinachikonza. Pepani, mwavutika ulendo."

Mayiyo anapukusa mutu. Anati wojambula amene amaopa ntchito yake yomwe sanakhwime, adzayesenso chaka china. Anatsanzika n'kutuluka.

Mtsikanayo anapinda nsalu yake n'kuiika m'chikwama. Atafika pakhomo m'pamene achimwene anapeza mawu.

"Mwanawe, wanamiranji?"

Sanacheuke. "Pano ndi pashopu panu, bambo. Ndikanakuyalutsani pamaso pa mlendo?"

Achimwene anakhala pansi pa simenti pomwepo, n'kuphimba nkhope ndi chipewa.