Pumbwa Wamkulu wa ku Chilinde

Ku Chilinde palibe amene sadziwa a Levi Kachingwe, okhoma mbaula ndi ndowa pansi pa mtengo wa mango. Ndi munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko, koma ali ndi mdani mmodzi: mbalame ina yakuda kumsana, yoyera pamimba, imene imafika mvula ikayandikira.

Mlandu wake ndi woti simanga chisa. Imadikirira pumbwa achoke, n'kuikira dzira lake m'chisa cha mwiniwake, basi ulendo. Pumbwa wosauka amafungatira, kuswa, n'kumadyetsa chimwana chomuposa msinkhu mpaka kuonda nacho.

"Ulesi wotani umenewu!" amakalipa a Levi, legeni ili m'manja. Zaka zonsezi sanalasepo ngakhale nthenga, koma zenera la akazi awo analiswa kawiri.

Akazi awowo, mayi Ireen, amangoseka. "Isiyeni mbalameyo. Pumbwa wamkulu pano ndinu."

Sakunama. Zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo, mtsikana wina wa lendi pa nyumba yoyandikana nayo, dzina lake Linda, anafika pamtengopo ndi khanda kumsana. "Bambo, tandigwirirani mwanayu, ndikubwera." Tonse timatero pochoka. Koma "ndikubwera" wa Linda anakwera basi mpaka ku Joni.

A Levi, amene analibe mwana, anaika nyundo pansi n'kuphunzira kuphika phala. Mwanayo, Chisankho, anakulira m'phokoso la malata, moti kukakhala zii sankagona. Lero ndi namwino, ndipo bambo akewo amamulekeza m'phewa.

Chaka chino, kutatsala sabata kuti Chisankho achite chinkhoswe, Linda anatulukira ndi chisutikesi cha matayala. "Odi kuno! Ndabwera."

"Mwachedwako pang'ono," anatero a Levi.

Anamupatsa mpando, koma mtima unawawawa. Pa chinkhoswe makolo amakhala kutsogolo atavala nsalu yofanana, koma a Levi sanamubereke Chisankho. Ankadziwanso mathero a nkhani ya mumtengo muja: mwana wa mbalame ija akamera mapiko amatsata a mtundu wake, pumbwa n'kutsala akuyang'ana chisa. Masiku atatu anakhoma mbaula zopendekeka, chakudya n'kumangochilawa.

Lachinayi masana Chisankho anawapeza atakhala duu, maso ali m'mwamba, legeni ili pamwendo.

"Ababa, mwakwiya?"

"Ayi. Ndikuonera ana a eni akukonzekera kuuluka."

Chisankho anatulutsa malaya m'jumbo, atsopano, osokedwa ndi nsalu ya makolo. "Tayesani. Telala akuti mimba yanu inamuvuta."

A Levi sanawalandire msanga. "Nanga amayi ako aja?"

"Ndalankhula nawo. Nsalu inakwanira anthu awiri, inu ndi amayi Ireen. Amayi Linda akhala bwinobwino ndi alendo, ndipo avomera." Anawachotsera legeni pamwendo. "Ababa, ine si mbalame."

Mkuluyo anavala malayawo pamwamba pa ovolosi, mabatani n'kuwamanga mophonyetsa. Misozi inatsika, iwo n'kunamizira utsi wa mbaula, chonsecho panalibe mbaula yoyaka.

"Ndikawaonetse amayi ako Ireen," anatero akudzuka. "Ndikubwera."

"Mawu amenewo pakhomo pano ayi," anatero Chisankho, n'kuwagwira dzanja. "Tipitira limodzi."