Tsiku limene mbuzi za apongozi zinagulidwa pa foni

Gulu la alimi ku Golomoti linandipempha kuti ndilipangire webusaiti yogulitsirapo mbuzi. Pofuna kuona ngati ingapirire anthu akaiunjikira, ndinapanga ogula abodza ambirimbiri pa kompyuta n'kuwamasula onse nthawi imodzi. Pamalo pa nambala ya wogulitsa ndinaikapo ya apongozi anga aamuna, chifukwa ndi imene inandibwerera m'mutu. Mbali yotumiza mauthenga pa foni ndinaiwala kuizimitsa.

Apongoziwo anali pa Misa ku Mua, pabenchi lakutsogolo. Foni inayamba kulira m'thumba osalekeza: "Mbuzi yanu yagulidwa." Anatuluka ulaliki uli mkati n'kupalasa njinga mpaka kukhola, kumene anapeza mbuzi zonse zikubzikula.

Madzulo anafika kwathu foni ikulirabe.

"Inu mumadziwa za makompyuta. N'chiyani chimenechi?"

"Ndi akuba a pa intaneti, bambo," ndinatero, maso ali gwa. "Achuluka masiku ano."

Ndinalowa kuchipinda n'kuzimitsa zinthu zangazo, foni n'kukhala chete. Pothokoza, apongozi anandipatsa tambala. Mpaka lero amauza anzawo kutchalitchi kuti mkamwini wawo anathamangitsa akuba, ine n'kumaweramitsa mutu modzichepetsa. Tambalayo tinadya nawo limodzi, ndipo ntchafu zonse ziwiri apongoziwo anandipakulira ine.